Kufooka Kapena Kukhwepa? Mawu Akuti Hypotonia ndi Kamasuliridwe Kake

Pakati pa mawu a zachipatala amene omasulira amawadutsa mothamanga pali mawu akuti hypotonia. Womasulira akawapeza m'kabuku ka zaumoyo wa ana, kawirikawiri amayang'ana mu mtanthauziramawu wa Chingerezi, naona kuti mawuwa akukamba za minofu imene siili m'chimake, ndipo posataya nthawi amalemba kuti kufooka kwa minofu. Chichewa chake n'chosalala, kalembedwe n'kotsata malamulo, kotero kuti mkonzi sangaone chifukwa chochilembera mzere kunsi. Komabe kumasulira kotereku n'kolakwika, ndipo kulakwikako kumakafika mpaka kusikelo ya ana, kumene mayi wobereka khanda kumbuyo amamva mawu amodzi kuchokera kwa namwino ndi kubwerera nawo kumudzi kukachitapo kanthu.

Kuti cholakwikacho chioneke bwino n'kofunika kuyamba ndi kumene mawuwa adachokera. Angerezi nawonso adachita kubwereka, pakuti zigawo zonse zitatu za mawuwa ndi za Chigiriki. Koyambirira kuli mphatikiram'mbuyo hypo-, amene tanthauzo lake loyamba ndi pansi kapena kunsi, ndipo pambuyo pake adayamba kutanthauzanso kuperewera pa muyeso woyenera. Tanthauzo loyambalo likuoneka m'mawu akuti hypodermic, onena za jakisoni wobaya kunsi kwa khungu. Lachiwirilo likuoneka mu hypothermia, kuzizira kwa thupi kopitirira muyeso, ndi mu hypoglycaemia, kuchepa kwa shuga m'magazi. Kumapeto kuli mphatikiram'tsogolo -ia, amene ntchito yake ndi kupanga dzina la mkhalidwe, monga momwe u- amachitira m'mawu akuti ukalamba ndi umphawi. Zigawo ziwirizi sizivutitsa munthu. Chimene chimagwetsa omasulira ndi tsinde la pakatilo, tonos.

Tonos adachokera ku mneni wa Chigiriki teinein, kutanthauza kukoka chinthu kuti chitambasuke. Kwa Agiriki, tonos chidali chingwe chokungidwa, komanso kukungika kwenikweniko. Popeza nsambo ya choimbira ikakungidwa kwambiri imalira mokweza ndipo ikakhwefulidwa imalira motsika, mawuwa adayamba kunenanso za kukwera ndi kutsika kwa liwu. Woimba bangwe kapena kaligo safuna kuuzidwa zimenezi, ngakhalenso woimba ng'oma amene amayamba waiwamba pamoto gule asanayambe. Kudzera m'Chilatini, tonos adalowa m'Chingerezi monga tone, ndipo n'chifukwa chake akatswiri a ziyankhulo amagwiritsa ntchito mawu amenewa pofotokoza chimene chimasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, pamene madokotala amawagwiritsa ntchito pofotokoza mkono wa khanda. Awiriwa sadziwa kuti akudyera m'mbale imodzi, koma onse akukamba za chingwe.

N'zoona kuti Agiriki ena ankatchulanso tonos ponena za nyonga, ndipo mankhwala otchedwa tonic, aja amati amatsitsimutsa thupi, adatengera dzina pamenepo. Mwina kusokonezeka kwa omasulira kumayambira apa. Koma madokotala, popanga mawu awo, adatola tanthauzo la chingwe lija. Pofuna kunena za mphamvu adapita ku mawu ena a Chigiriki, sthenos, napanga asthenia, kusowa mphamvu, ndi myasthenia, kusowa mphamvu kwa minofu. Motero womasulira amene walemba kuti kufooka kwa minofu wamasulira bwino lomwe myasthenia, koma mawu amene adali patsogolo pake sanawakhudze n'komwe.

Ganizo lakuti mnofu uli ngati chingwe chokungidwa ndi lakale. Galen, sing'anga wobadwira ku Pergamon m'chaka cha 129 amene adagwira ntchito ku Roma, adaona kuti munthu amene watambasula mkono ndi kuusiya m'malere amaoneka ngati sakuchita kanthu, chonsecho minofu yake ili pantchito, ndipo ntchito yosaoneka imeneyo adaitchula ndi mawu ochokera ku tonos. Mawu ophatikiza akuti hypotonia, m'tanthauzo lake lachipatala, ndi a dzulodzuloli poyerekeza ndi Galen: adawapanga madokotala a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene kudali chizolowezi chotola zidutswa za Chigiriki popereka mayina kwa zizindikiro za matenda. Chimene chimachititsa kukungikako chidaoneka bwino mu 1924, pamene Edward Liddell ndi Charles Sherrington a ku Oxford adasonyeza kuti mnofu ukakokedwa umadzibweza wokha. M'kati mwa mnofu muli tizigawo ting'onoting'ono tomva kukokedwa. Timeneti timatumiza uthenga ku mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo uthenga wina umabwerera nthawi yomweyo kudzauza mnofuwo kuti ukokere kwawo. Ubongo umayang'anira zonsezi, kuonjeza pano ndi kuchepetsa apo, mwini thupi osadziwa kanthu.

Kusiyana kwa zinthu ziwirizi kumaoneka poyera m'chipinda chopimira. Dokotala akafuna kuyesa mphamvu amalamula wodwala: finyani dzanja langali, kankhani, dzutsani mwendo. Akafuna kuyesa kukungika amanena zosiyana: khalani phee, musachite kalikonse. Kenaka amapinda yekha chigongono kapena bondo la wodwalayo, namvetsera m'manja mwake ngati chiwalocho chikukanako pang'ono. Kukana pang'ono kumeneko, kwa mnofu umene ukupuma, ndiko kumene tone amanena, ndipo hypotonia ndi pamene kukanako kwachepa. Khanda silingalamulidwe, choncho dokotala amadalira maso ndi manja ake. Khanda lobadwa pa nthawi yake likagonekedwa chagada limapinda manja ndi miyendo lokha. Khanda limene lili ndi vutoli limagona miyendo itagwera kumbali ngati ya chule. Likakokedwa manja kuti likhale tsonga, mutu umatsalira m'mbuyo kotheratu. Likanyamulidwa m'khwapa limachita ngati lipulumuka m'manja. Likagonekedwa chafufumimba pachikhatho limapindika, mutu ndi miyendo zili lende.

Victor Dubowitz, dokotala wa ana wobadwira ku South Africa amene adagwira ntchito ku England, adasindikiza buku lotchedwa The Floppy Infant mu 1969. Phata la bukulo ndi funso limene dokotala ayenera kuyamba nalo akakumana ndi khanda lotere: kodi pamwamba pa kulendewerako, mwanayu alinso wopanda mphamvu, kapena mphamvu ali nazo? Khanda limene likulendewera koma limatha kudzutsa mwendo ndi kuponda likagiridwa kuphazi, kawirikawiri vuto lake limakhala mu ubongo kapena m'thupi lonse. Zitsanzo ndi Down syndrome, imene gwero lake, kolomozomu yachitatu pa nambala 21, lidapezeka mu 1959, kubanika pobadwa, ndi chithokomiro chosagwira ntchito. Gulu limeneli ndilo lalikulu. Khanda limene likulendewera ndiponso silitha kudzutsa chiwalo, vuto lake limafunidwa mu mtsempha wa mumsana, m'mitsempha yopita ku minofu, kapena m'minofu mwenimwenimo, monga zimakhalira pa matenda amene Guido Werdnig adawafotokoza mu 1891 ndi Johann Hoffmann mu 1893. Magulu awiriwa amapimidwa mosiyana, amathandizidwa mosiyana, ndipo tsogolo lawo n'losiyana. Tsono ngati hypotonia ndi kufooka kwa minofu, funso la Dubowitz m'Chichewa likhala lakuti: kodi mwana wofookayu ndi wofooka? Chiyankhulo chimene chafika pofunsa funso lotere chalakwiridwa ndi omasulira ake.

Kufooka ndi mawu okhala ndi mwini kale. Munthu amafooka ndi njala, ndi malungo, ndi ulendo wautali, ndi dzuwa la mu Okutobala. Timu ya mpira imafooka m'chigawo chachiwiri. Chikhulupiriro nacho chimafooka. Monsemu muli ganizo limodzi, lakuti mphamvu zidalipo, zachoka, ndipo zibwerera munthu akadya, akapuma kapena akachira. Mayi akauzidwa kuti minofu ya mwana wake ndi yofooka amamva zimenezo, ndipo salakwa kumva choncho. Amaonjeza phala, amafunsa za chiponde, amadandaula kuti mwina mkaka wake ndi wochepa. Miyezi ikapita mwana osalimba khosi, apongozi amayamba kufunsa ngati magazi ali okwanira, ndipo ena amafika ponong'ona kuti makolo adamusempha mwanayo. Kunyentchera kungachititsedi kuti minofu isakungike, ndipo mwana wotere amafunadi chakudya. Koma mwana wa Down syndrome angathe kukhala wokhuta bwino. Chimene akufuna ndi mafizo, kumugwira moyenera poyamwitsa, ndi kupimidwa mtima, popeza pafupifupi theka la ana otere amabadwa ndi vuto la mtima. Mwana wa chithokomiro chosagwira ntchito akufuna mankhwala m'masabata oyambirira, ubongo usanaonongeke. Miyezi imene mayi wathera pa phala siibwerera.

Ena, poona vutoli, anganene kuti ndi bwino kungobwereka mawuwo ndi kuwalemba kuti haipotoniya. Kubwereka si tchimo. Chichewa chidabwereka poliyo, kolera, shuga ndi jakisoni, ndipo mawu amenewa akutumikira bwino. Malamulo a kalembedwe a 1973, 1980 ndi 1990 adathandiza kuti mawu alembedwe motsata maphatikizo a Chichewa, ngakhale kuti malamulo a kalembedwe sasankhira munthu mawu oti alembe. Vuto la haipotoniya lili pa mnzake wotsutsana naye. Kukungika kopitirira muyeso madokotala amati hypertonia, ndipo mawu amenewa akalowa m'kamwa mwa Mchewa amatuluka ali haipatoniya. Kusiyana konse kwatsalira pa lembo la liwu limodzi, o ndi a, lobisika pakati pa mawu a maphatikizo asanu ndi limodzi. M'chipinda chodzadza ndi ana olira, kapena pa kalata yolembedwa pamanja mothamanga, lembo limodzi silingasenze katundu wosiyanitsa mwana wolendewera ndi mwana wouma gwa. Ndiponso mawu obwerekawa amatsekera kunja munthu amene amayamba kuona vutoli, amene ali mayi posambitsa mwana.

Njira ina ndi yomasulira chigawo ndi chigawo: hypo- kukhala kuchepa, tonos kukhala kukungika, ndipo zonse pamodzi kuchepa kwa kukungika kwa minofu. Tanthauzo lake ndi lolondola, ndipo mawuwa angakhale bwino m'buku la ophunzira unamwino monga chiganizo chofotokozera. Monga dzina, ndi olemera. Palibe namwino amene angatchule kwa awiri motsatizana kasanu patsiku osafuna njira yachidule, ndipo njira yachidule imene angaipeze pafupi ndi kufooka komwe kuja. Chichewa cha zachipatala chidaonapo kale zotere pa mawu a m'banja lomweli. Hypertension, amene chigawo chake chachiwiri chidachokera ku mneni wa Chilatini tendere, wa muzu umodzi ndi teinein, adamasuliridwa kuti kuthamanga kwa magazi. Chimene chimayesedwa pamkono ndi kukankha kwa magazi pa makoma a mitsempha, osati liwiro lake, koma mawuwo adazika mizu ndipo kuwazula tsopano n'kovuta. Mawu a zachipatala akangolowa m'mudzi satuluka msanga, ndipo nthawi yowakonza ndi pamene adakali papepala.

Pali mayina ena a matenda amene Chichewa chidawapanga bwino koposa. Kafumbata, dzina la tetanus, lidachokera ku mneni kufumbata, ndipo aliyense amene adaonapo khanda la matendawa amadziwa chifukwa chake. Matenda oumitsa khosi nawonso adatchulidwa potsata chimene dzanja limamva pogwira wodwala. N'zochititsa chidwi kuti mayina onse awiriwa akunena za minofu yokungika mopitirira. Eni chiyankhulo adaiona kale mbali imeneyo, ndipo n'kosayembekezeka kuti mbali inayo adaisiya yopanda mawu.

Mawu ake alipodi, ndipo ambiri adachokera ku mivekero. Chichewa chili ndi njira yokhazikika yopangira aneni awiri kuchokera ku mvekero umodzi: -ka pa chinthu chimene chachitika chokha, -la pa chimene wina wachichititsa. Thyo adabala kuthyoka ndi kuthyola. Gumu adabala kugumuka ndi kugumula. Momwemonso lefu adabala kulefuka ndi kulefula, lobodo adabala kulobodoka ndi kulobodola, khwefu adabala kukhwefuka ndi kukhwefula, ndipo pambali pa awiri omalizawa pali mneni kukhwepa. Kulefuka kungachotsedwe msanga pa mndandanda, pakuti ndi mbale wake wa kufooka: munthu amalefuka ndi ludzu kapena ndi uthenga wa maliro. Otsala ndi kulobodoka ndi kukhwepa, ndipo kusankha pakati pa awiriwa ndiko kofuna kudekha.

Kulobodoka kuli ndi ubwino waukulu, wakuti kumajambula ndendende chimene maso amaona. Mayi amene wanena kuti mwana wangolobodoka wapereka kwa dokotala chithunzi chathunthu, ndipo dokotala wanzeru amamvetsera. Koma mawuwa ali ndi zovuta ziwiri. Choyamba, amanyoza. Munthu wolobodoka, m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, ndi munthu wopanda msana, wolephera kuima pa mfundo, ndipo palibe kholo limene lingakonde kuti dzina lotere lilembedwe m'buku la kuchipatala la mwana wake ndi kumutsata mpaka kusukulu. Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, mawuwa akufunika pa ntchito ina yofulumira. Mu Febuluwale 2022 boma la Malawi lidalengeza kuti mwana wina wa ku Lilongwe, amene adafa ziwalo mu Novembala 2021, adapezeka ndi kachirombo ka poliyo ka mtundu wachilengedwe. Aka kadali koyamba m'dziko muno chiyambire 1992, ndipo padali pasanathe zaka ziwiri kuchokera mu Ogasiti 2020, pamene chigawo cha Africa chidalengezedwa kuti chathana ndi kachirombo ka mtunduwu. M'chaka chomwecho cha 2022 ana ena adapezeka nako m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo mliriwo udalengezedwa kuti watha mu Meyi 2024. Njira imene poliyo amasakidwira ndi yakuti mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene mwendo kapena mkono wake walobodoka mwadzidzidzi akaonekere kuchipatala msanga, kuti chimbudzi chake chitengedwe kawiri pasanathe masiku 14 ndi kukapimidwa. Pamenepa kusakungika ndi kusowa mphamvu zimabwera pamodzi, ndipo kulobodoka kwa ziwalo kwadzidzidzi ndi dzina loyenera zedi. Mawu amene ntchito yake ndi kuthamangitsa anthu asagwiritsidwenso ntchito pa mwana amene adabadwa choncho ndipo akukula nazo pang'onopang'ono, kuopa kuti angazilale.

Kukhwepa ndiko kumagwirizana ndi tonos mbali zonse. Chingwe choyanikapo zovala chimakhwepa, lamba amakhwepa, tcheni cha njinga chimakhwepa, nsambo ya bangwe imakhwepa. Chinthu chokhwepa sichinaduke, sichinaole, ndipo mphamvu zake zingakhale zonse. Chimene chasowa ndi kukungika. Tcheni chokhwepa chimayendetsa njinga ndithu, koma wopalasa amayamba waponda pachabe chisanagwire, ndipo umu ndi momwenso mwana wa minofu yokhwepa amachitira: amadzuka, amakhala, amayenda, koma mochedwa ndi movutikira, chifukwa mnofu uliwonse uyenera kuyamba wadzikunga usanakoke fupa. Ndiponso chinthu chingathe kukhala chokhwepa chiyambire, monga buluku logulidwa lalikulu, kotero kuti mawuwa sanena kuti padali mphamvu zimene wina wazitaya. Saloza chala mayi, mkaka wake kapena nkhokwe ya bambo. Motero tone angakhale kukungika kwa minofu, hypotonia kukhwepa kwa minofu, ndipo kufooka kwa minofu kubwerere pamalo pake, pa kusowa mphamvu.

Wina angatsutse kuti kukhwepa ndi mawu a kwa okonza njinga, ndipo kuti palibe Mchewa amene adanenapo choncho za mwana. Chitsutso chimenechi chili ndi mutu. Koma tonos nayenso adali mawu a opota zingwe ndi oimba asanalowe m'chipatala, ndipo m'Chilatini musculus, kumene kudachokera dzina la Chingerezi la mnofu, ndi kambewa chabe. Mawu a ukatswiri amabadwa motero, pobwereka kwa mnansi wa m'mudzi momwemo. Chilendo chake chilinso ndi phindu: mayi akamva kuti kufooka amagwedeza mutu ndi kunyamuka, poganiza kuti wamva; akamva kuti kukhwepa amafunsa, ndipo namwino amapeza mpata womasula pang'ono mfundo ya chitenje ndi kumuonetsa. Chitsutso cholimba koposa ndi chakuti mfundo za mafupa nazonso zimakhwepa, ndipo pali anthu amene zala ndi zigongono zawo zimapindika mopitirira chifukwa cha timinyewa tomanga mfundozo, minofu ili bwinobwino. Mavuto awiriwa amayendera limodzi kawirikawiri, makamaka pa Down syndrome, koma ndi osiyana. Yankho lake ndi lakuti mawu akuti kwa minofu asamasiyidwe polemba, ngakhale pofuna kufupikitsa.

Izi zikudzutsa funso la mnofu weniweniwo. Chichewa chili ndi mnofu, mnyewa ndi mtsempha, kuphatikizapo akatumba, amene ndi minofu yotukuka ya pamkono ndi kumwendo. Mnofu ndi nyama yopanda fupa, ndipo aliyense wogula nyama pamsika amaudziwa. Mnyewa umatchulidwa mosakhazikika: ena amanena mnofu, ena tizingwe tolumikiza mnofu ndi fupa, ena njira zotumizira uthenga m'thupi. Mtsempha nawo umasenza katundu wa njira za magazi ndi wa njira za uthenga nthawi imodzi. Pa nkhani ya hypotonia kusakhazikika kumeneku n'koopsa, chifukwa chizindikiro chimaoneka m'minofu pamene gwero lake kawirikawiri lili mu ubongo kapena m'mitsempha. Kukhwepa kwa minyewa kungamveke kwa wina ngati kukunena za gwero, kwa wina ngati kukunena za mfundo. Mnofu ndiwo wokhawo pa atatuwa umene suchititsa munthu kufunsa kuti uti.

Mawu atsopano amayesedwa powatuma ntchito zina za m'banja lawo. Ntchito yoyamba ili m'chipinda chochirira. Virginia Apgar, dokotala wa ku New York, adasindikiza mu 1953 njira yoyesera khanda longobadwa kumene pa zinthu zisanu: kugunda kwa mtima, kupuma, mtundu wa khungu, kuyankha likakhudzidwa, ndi kukungika kwa minofu. Chilichonse chimapatsidwa 0, 1 kapena 2, pakatha mphindi 1 ndiponso pakatha mphindi 5. Mzamba wophunzira m'Chichewa angalembe mosavuta kuti minofu yokhwepa kotheratu ndi 0, yokungikako pang'ono ndi 1, yokungika bwino khanda likutakataka ndi 2. Ntchito yachiwiri ili pa bedi lomwelo, kwa mayi. Chiberekero nacho ndi mnofu, ndipo mwana akabadwa chiyenera kukungika kuti chitseke mitsempha ya magazi pamene padali nsengwa. Chikapanda kutero madokotala amati atony, kuchokera ku tonos yemweyo ndi mphatikiram'mbuyo wokana a-, ndipo ichi ndicho chimene chimachititsa kawirikawiri kutaya magazi kwambiri pambuyo pochira. Kunena kuti chiberekero chakhwepa, kapena kuti sichinakungike, kukuuza mzamba chimene dzanja lake lipeze pamimba ndi chimene ayenera kuchita, kuchitikita kuti chilimbe ndi kupereka mankhwala ochikungitsa. Kunena kuti chiberekero chafooka kukumuuza kuti mayiyo watopa. Ntchito yachitatu ndi hypertonia uja, amene angakhale kukungika kopitirira kwa minofu, ndipo palibe khutu limene lingasokoneze kukungika ndi kukhwepa.

Pali malo amene mawuwa safika, ndipo asakakamizidwe kufikako. Ophunzira sayansi kusekondale amakumana ndi hypotonic ponena za madzi amene ali ndi mchere kapena shuga wochepa poyerekeza ndi ena, ndipo madokotala a maso amati hypotony ponena za diso limene laphwa chifukwa madzi a m'kati mwake sakukankha mokwanira. Zigawo za Chigiriki ndi zomwezija, koma madzi sakhwepa. Wokonza mndandanda wa mawu amene angafune kuti tsinde limodzi la Chigiriki likhale ndi tsinde limodzi la Chichewa paliponse adzabala zilombo. Madzi aja ndi osungunuka mopepuka, diso lija ndi lophwa, ndipo Chichewa sichitaya kanthu potchula zinthu zitatu ndi mawu atatu.

Chotsala ndi maonekedwe a dzinalo. Pamakhala chilakolako, makamaka pakati pa okonda mawu, chofuna kupanga dzina limodzi lofupika la mtundu wa kafumbata kapena chikuku, poika ka- kapena chi- kutsinde -khwepa. Mayina a mtundu umenewo m'Chichewa amamveka ngati mayina a matenda, okhala ndi gwero limodzi ndi mankhwala ake, ndipo kholo lolimva lidzafunsa kuti jakisoni wake ndi uti. Hypotonia ndi chizindikiro chimene chingachokere ku zinthu zambiri, kuyambira ku shuga wochepa m'magazi a khanda, amene amakonzeka tsiku lomwelo, mpaka ku matenda a chibadwa amene munthu amakhala nawo moyo wonse. Zizindikiro m'Chichewa zimakonda kukhala m'gulu la ku- ndi tsinde la mneni: kutsokomola, kusanza, kutentha thupi, kutsegula m'mimba. Kukhwepa kwa minofu kukulowa m'gulu limeneli popanda kukankha wina, kukulembedwa monga mawu atatu osiyana, ndipo kukulola mfotokozi yokhwepa ndi mneni yakhwepa, kotero kuti namwino angathe kusiyanitsa mwana amene minofu yake ndi yokhwepa chibadwire ndi amene minofu yake yakhwepa dzulo, amene ayenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo. Angathenso kuuza mayi wina, atatha kupima mwana wake wa miyezi isanu ndi itatu amene sanayambe kukhala yekha, kuti minofu ya mwanayu ndi yokhwepa koma mphamvu ali nazo, ndi kumulembera kalata ya kwa a mafizo.